Mabuleki akanunkha potsikira ku Luangwa, musathire madzi

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Katete amene wangoyamba kumene kuyendetsa thiraki ya trailer, amanyamula chimanga kupita nacho ku Lusaka. Akuti atadutsa Kacholola potsetserekera ku mlatho wa Luangwa anamva fungo ngati china chake chikupsa, akaponda buleki galimoto imangopita, mwamwayi anafika pansi ali moyo. Anzake akumuuza kuti zikatero uziima n'kuthira madzi pa madramu a mabuleki, zitsulo zozungulira za m'kati mwa mawilo. Funso lake ndi lakuti kodi ndi zoona?

Achimwene, ayi ndithu. Dramu yotentha mukaithira madzi ozizira itha kung'aluka kapena kupindika, ndipo mng'alu umenewo simuuona pompo, udzakupezani pa phiri lina, mwina pa Manenekera pomwe pali patsogolo panu ulendo womwewo.

Chinachitika n'chakuti munatsika phiri lonse phazi lili pa buleki. Matani 30 a chimanga kuwagwira ndi phazi chabe, kutentha konse kumapita m'madramu, dramu ikatentha imafutukuka n'kutalikirana ndi ma shoe amene amaifinya kuti galimoto iime, lining (mbali ya shoe yokhudza dramu) nayo imasalala ngati galasi, ndiye geji ya mpweya wa mabuleki ikhoza kukhala yodzaza bwinobwino koma galimoto osaima. Pamenepa m'pamene ambiri amasokonezeka, amati mpweya ulipo nanga vuto n'chiyani.

Giya imasankhidwa pamwamba, musanayambe kutsika. Akuluakulu amati giya imene mungakwerere phirilo ndi yomwe mutsikire, ine ndimati ngati mwadzaza katundu tsitsani ina imodzi. Yatsani exhaust brake kapena retarder (zochepetsa liwiro osaponda buleki) ngati ilipo, injini ilire, isakuchititseni manyazi, mabasi akudutseni, a hutala aimbe mpaka atope. Liwiro likayamba kukwera pondani mwamphamvu ndithu mpaka litsike ndi makilomita ngati 10 pa ola, kenako chotsani phazi madramu apume. Osapopa pedo ngati kagalimoto kakang'ono, kuponda kulikonse kumataya mpweya. Ndipo chonde, zoika pa neutral ati kusunga dizilo, izi zimandiwawa mumtima chifukwa zapha anthu. Injini sikugwiranso galimoto, kompulesa ikupopa mpweya wa mabuleki pang'onopang'ono, ndiye liwiro likakwera giya imakana kulowa, mwangotsala ndi chiwongolero m'manja.

Fungo likayamba musadikire kuti mufike pansi. Pezani malo abwino mabuleki akadali kugwira, imani, lorry mate aike ma chock otsekereza kumatayala, mutulutse ma triangle. Ngati malo ndi athyathyathya ndipo ma chock agwira musasiye handbrake yokoka pa madramu amoto, imawapinda. Zungulirani galimoto mukuyandikiza kuseri kwa dzanja pa dramu iliyonse, osakhudza. Ikapezeka ina yozizira pomwe anzake akutentha ndiye kuti imeneyo sikugwira ntchito, anzake akusenzera katundu wake. Ina ikatentha kuposa onse mpaka utsi, ikukakamira, ndipo tayala litha kuyaka. Khalani pansi mudikire zizizire zokha, abwana akaimba foni auzeni mmene zilili.

Za mpweya, mathiraki ambiri amadzaza pa 8 bar kapena kuposerapo. Buzzer yochenjeza kuti mpweya watsika ikalira muli pa msewu imani pomwepo pambali, chifukwa mpweya ukapitiriza kutsika ma spring brake, mabuleki amene mpweya umawaletsa kugwira, amadzigwira okha ndipo sasankha malo, mutha kuuma pakati pa kona basi ikubwera kumbuyo.

M'mawa musananyamuke ku Chipata kokani ma valve apansi pa mathanki a mpweya madzi atuluke, makamaka nthawi ya mvula, mukaona mafuta akutuluka limodzi uzani makaniko. Zimitsani injini, pondani buleki mumvetsere ngati pena pakutuluka mpweya, onani ma suzie, mapaipi a mpweya opita ku trailer, ngati sakukhuzika. Ma slack adjuster, osintha mpata wa ma shoe ndi dramu, makaniko awaone muli pomwepo. Ndipo akakuuzani kuti booster, yokankha buleki ndi mpweya pa wilo, yadontha tangoitseka paipi mukakonzetsa ku Lusaka, kanani, galimoto imeneyo isatuluke pa geti mpaka aikemo ina.