Kwa asisi ofunsa za masters ya amayi ndi ana

Asisi mwati ndinu mzamba zaka 6 tsopano, mukufuna masters ya public health mbali ya amayi ndi ana, koma mukukayika ngati ili ndi phindu komanso ngati mungaikwanitse muli pa ntchito. Ndaona ambiri angoti "pitani chabe, ku ma NGO kuli ndalama". Ine ndiyankheko motalikirapo chifukwa nanenso ndinachokera ku labour ward, mayunifomu oyera omwewo, manaiti omwewo.

MPH, masters ya public health imeneyi, sikuphunzitsani kubereketsa ayi, zimenezo mukuzidziwa kale mwina kuposa amene azikuphunzitsaniwo. Chimene imasintha ndi funso limene mumafunsa mayi akamwalira. Ndili pa kachipatala kena kummawa tinataya mayi amene anachirira kunyumba, anabwera pa ngolo magazi atatha kale, tinayesetsa ndi oxytocin ndi madiripu koma ambulansi pofika zinali zitatha, ndipo mu fayilo tinangolemba kuti anabwera mochedwa, basi nkhani yathera pompo. Patapita zaka ndili mkalasi ndi pamene ndinamva za kuchedwa kutatu kumene Thaddeus ndi Maine analemba mu 1994, kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa utafika kale. Ndinakhala duu, mayi uja anali ndi kutatu konseko ndipo kwachitatuko kunali kwathu, magazi oti timuike panalibe. Ife tinangoona kwa apongozi ake amene anati dikirani kuche.

Nde konzekerani manambala, apa sindikunamizani. Epidemiology ndi biostatistics ndi zimene zimagwetsa azamba ambiri temu yoyamba, ine Stata, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala, inandiliza misozi yeniyeni, kompyuta ndinkaidziwa polemba malipoti a pamwezi basi. Koma mukaigwira imakoma. Mwachitsanzo ZDHS, kafukufuku wa za umoyo wa anthu m'Zambia yense, imaonetsa kuti imfa zokhudzana ndi pakati zinali 729 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2001-02, zinatsika kufika 591 mu 2007, kenako 398 mu 2013-14, mu 2018 n'kufika 278. Mudzamvanso ena akuti 252 ya chaka chomwecho cha 2018, onse akunena zoona, 252 imachotsa amene anafa ndi ngozi kapena kuphedwa ndipo imawerenga mpaka masiku 42 mayi atachira. Tizinthu totere ndi timene amafunsa pa defence, poteteza research yanu pamaso pa aphunzitsi. Cholinga cha SDG, zolinga za chitukuko za United Nations, ndi kutsika pansi pa 70 pofika 2030, muone nokha mtunda umene watsala.

Chimene chimandidya mutu ine ndi makanda. Mu 2018 amayi 84 pa 100 alionse ankachirira kuchipatala, ma SMAG, magulu odzipereka olimbikitsa uchembere wabwino, agwira ntchito kumidzi, mashelta odikirirako amangidwa, koma imfa za ana osakwana mwezi zinakwera kuchoka 24 kufika 27 pa 1,000. Ndiye kuti anthu anatimvera, anabwera, manje vuto lalowa mkati mwa mpanda wathu. Inu amene mumagwira usiku muli awiri amayi khumi akubuula mukudziwa bwino chifukwa chake kuposa munthu amene anangowerenga m'buku, ndipo mwayi wanu wagona pamenepo. Mutu wa research musakautole pa intaneti. Utengeni pa wodi panu pomwepo, kaya ndi partograph, fomu yotsatira mmene kubereka kukuyendera, imene imadzazidwa mwana atabadwa kale (tisanamizane, timadziwana), kaya nthawi imene referral imatenga kuchoka ku Kanyama kapena Chawama kukafika ku chipatala chachikulu cha UTH, kaya zimene timagwirizana pa misonkhano ya MPDSR younika imfa za amayi ndi makanda ngati zimachitikadi, kaya atsikana, paja ZDHS yomweyo inapeza kuti 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atayamba kale kubereka.

Ine ndinalakwitsa, ndinasankha mutu waukulu ngati ndikufuna kupulumutsa Zambia yense, maboma atatu, ndalama ya transipoti ndilibe. Chaka chathunthu chinapita ndikungodula proposal. Tengani kafunso kamodzi, chipatala chimodzi kapena ziwiri, mumalize.

Za kophunzira, muno mu Lusaka muli UNZA School of Public Health pa Ridgeway pafupi ndi UTH, Levy Mwanawasa Medical University ku Great East Road, UNILUS, Apex ndi ena. Osangoona dzina la kosi pa chikwangwani. Kwina MPH ndi yachisawawa, za amayi ndi ana mumazitengera mu makosi osankha ndi mu dissertation yanu, nde pitani mukafunse kuti alipo ndani amene amayang'anira ma research a uchembere, ali ndi ana asukulu angati, ndipo amene anayamba zaka zitatu zapitazo anamaliza angati. Funsani ophunzira, osati a ku ofesi yolembetsa. Onaninso kuti pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi HEA, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba.

China chimene sauzana, simungayambe kutolera data musanapeze chilolezo. Proposal imadutsa ku komiti ya ethics monga UNZABREC kapena ERES Converge, kenako ku NHRA, bungwe la boma loyang'anira ma research a zaumoyo, kenako makalata a ku province ndi ku district, zonsezi zimafuna nthawi ndi kandalama kapadera, ikani mu bajeti pamodzi ndi fizi. Ngati thumba ndi lopyapyala, data ya ZDHS mutha kuipempha n'kuisanthula muli pakhomo, anzanga ena anatero anamaliza ine ndikadali m'ma register osowa masamba.

Ma scholarship ophunzirira kunja aliko, Chevening, Commonwealth, ndi Beit Trust imene imathandiza a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe. Yesani, kulemba fomu sikupha. London School of Hygiene and Tropical Medicine ilinso ndi ya distance koma imalipidwa mu mapaundi.

Pa za ntchito ndisakulonjezeni galimoto ya NGO. A MPH tachuluka mu tauni muno, ndipo chaka cha 2025 thandizo la America litadulidwa tinaona anzathu a mapulojekiti akubwerera kunyumba. Amene amatengedwa ndi amene angathe kutsegula DHIS2 mmene mumasungidwa data ya zipatala, kusanthula n'kulemba lipoti lomveka, kuphatikiza zaka za pa wodi. Nde layisensi yanu ya unamwino musaisiye kufa, ndipo ngati muli m'boma yambani msanga za study leave, musathamangire kusiya ntchito.

Mwafunsanso ngati n'zotheka ndi mwana wa miyezi 8. N'zotheka, wanga anali ndi chaka, koma ndinachita kuitanitsa mng'ono wanga kuchokera ku Katete kudzakhala nafe, ndipo bambo a kunyumba anaphunzira kuphika nsima mokakamizika. Ndinkawerenga 4 koloko m'mawa malaiti akakhalapo. Mabuku anga a biostat akadali mu katoni, mukawafuna ndilembereni ku inbox tikumane pa Ridgeway Loweruka.