Masiku atatu ku Athens: kodi ku myuziyamu nkofunikadi kupitako?

Mayi wina amene amakhala ku Manchester wanditumizira imelo. Akuti mu Ogasiti akupita ku Athens, likulu la dziko la Greece, ndi banja lake kwa masiku atatu, koma bambo a kunyumba akukana zolowa m'myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, ati "ndi miyala chabe, tingokwera phiri la Acropolis, tijambulitse, basi." Funso lawo ndi lakuti: apiteko kapena ayi, ndipo ngati n'kupita, apite ku iti?

Mayi, pitaniko. Ndikukupemphani ndi mtima wonse. Pamwamba pa phiripo mukaona nsanamira ndi makoma, koma nkhope za anthu amene ankakhala m'dzikolo, golide wawo, ngakhale nzeru zawo, zili m'nyumba zimenezi.

Ngati nthawi ikulolani imodzi yokha, sankhani National Archaeological Museum, pamsewu wa Patission, kamtunda pang'ono kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Victoria. Koma musakayese kuona zonse. Ine ulendo woyamba ndinkafuna kuwerenga kachikwangwani kalikonse, ndipo pofika masana miyendo inali italema, mutu osagwiranso kanthu. Sankhani zinthu zochepa, muimepo ndithu.

Mukangolowa mukumana ndi chigoba chagolide chimene amachitcha nkhope ya Agamemnon. Heinrich Schliemann, Mjeremani wofukula zinthu zakale, anachifukula m'manda a mumzinda wakale wa Mycenae mu 1876, n'kuganiza kuti wapeza mfumu imene inatsogolera nkhondo ya ku Troy. Akatswiri anadzapeza kuti chigobacho n'chakale kuposa nthawi imeneyo ndi zaka pafupifupi 300. Dzina linakanirira, koma mwini wake sadziwika. Muchiyandikire: maso otsinzina, ndevu zosemedwa bwino, golide wopyapyala ngati tsamba. Anachiika pankhope ya munthu wakufa, ndipo abale ake analira monga timalirira ife.

Kenaka funani kamnyamata kamkuwa kokwera pahatchi, kamene anakavuula m'nyanja pafupi ndi Artemision. Hatchiyo ili pa liwiro, miyendo yakutsogolo m'mwamba, mphuno zili tong'o, pamene mwanayo ndi wochepa zedi, nkhope ili ndi nkhawa, dzanja likadali ngati lagwira zingwe zimene zinatayika kalekale. Ana anu sadzafuna kuchokapo. Ine ndinazungulira katatu.

Bambo aja muwatengere ku makina a ku Antikythera. Anthu osambira pansi pa nyanja pofunafuna siponji ndi amene anapeza chombo chomira pafupi ndi chilumba cha Antikythera mu 1900, ndipo mwa katundu amene anavuulidwa munali chibuma chamkuwa chodyeka ndi madzi. Mkati mwake munapezeka magiya okwana 30, mano ake ang'onoang'ono ngati a wotchi. Munthu ankapukusa chogwirira, makinawo n'kumuonetsa pamene dzuwa ndi mwezi zili, ngakhalenso nthawi ya kadamsana. Zaka zoposa 2,000 zapitazo! Chinthucho pachokha sichokongola, n'chobiriwira ndiponso chophwanyika, koma pambali pake anaikapo makina ofanizira kuti muone mmene chinkayendera. Munthu wokonda kumasula mawailesi ndi mainjini sangatuluke m'chipindacho akunenabe za miyala.

Acropolis Museum, imene inatsegulidwa mu 2009, ili m'munsi mwa phiri lomwelo, ndiye n'zosavuta kuiphatikiza. Kwerani phiri m'mamawa, chifukwa dzuwa la mu Ogasiti kumeneko limaotcha ngati la m'chigwa cha Shire mu Okutobala, ndipo masana mukathawire m'nyumbamo momwe muli kozizira. Mukaona zifaniziro zisanu za atsikana amene ankasenza denga la Erechtheion, kachisi wa paphiripo, pamitu pawo, monga asenzera mtsuko amayi kwathu. Analipo asanu ndi mmodzi. Winayo anatengedwa ndi anthu a Lord Elgin, kazembe wa dziko la Britain, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ali ku British Museum ku London. Malo ake anawasiya opanda kanthu, ndipo mpata umenewo unandikhudza kuposa zifanizirozo. Muyende mpaka kumbuyo kwawo mukaone mmene analukira tsitsi, aliyense mosiyana ndi mnzake.

Nthawi yotsegulira imasintha malinga ndi nyengo, choncho yang'anani pa intaneti musananyamuke, ndipo matikiti a pa Acropolis mugulirethu. Valani nsapato zogwira bwino pansi, pakuti miyala ya paphiripo ndi yoterera. Mukabwerako mundilembere, ndikufunitsitsa kumva kuti bambo anaima nthawi yaitali bwanji pa magiya aja.