Funsani Tikuyankheni: Kodi Boma Liike Ndalama pa Mafilimu ndi Makatuni Athu?

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno achokera kwa owerenga athu a muno mu Harare, ndipo onse akukhudza nkhani ya thandizo la boma pa ntchito yopanga mafilimu ndi makatuni.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndine bambo wachikulire ndipo ndinapuma pa ntchito kalekale. Ndili mwana pa famu pamene makolo anga ankagwira ntchito atachoka ku Dedza, kunkabwera galimoto ya bayisikopo, amapachika nsalu yoyera pakati pa mitengo iwiri, ife n'kukhala pansi kumaonera mpaka usiku, kotero kanema sindidana naye. Koma ndikamva achinyamata akupempha boma ndalama zopangira mafilimu, pamene kuchipatala timauzidwa kukagula tokha mankhwala ndipo misewu yathu ili maenje okhaokha, mtima wanga suvomereza. Kodi kumeneku si kuseweretsa msonkho wa anthu osauka? — Bambo wa ku Mufakose

YANKHO: Bambo, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo aliyense wopempha ndalama za boma ayenera kuliyankha asanatambasule dzanja. Ndiyambire pa galimoto imene mwaikumbukirayo, chifukwa bayisikopo wa masiku amenewo sanali wachifundo chabe. Mu 1948 maboma a atsamunda anakhazikitsa Central African Film Unit, imene likulu lake linali muno mu mzinda, pa nthawiyo ukutchedwa Salisbury, kuti izipanga mafilimu oonetsa anthu akuda a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo inagwira ntchito mpaka chitaganya cha maiko atatuwo chitatha mu 1963. Atsamunda aja sanali anthu omwaza ndalama mwachisawawa. Anadziwa kuti amene wagwira kanema wagwiranso maganizo a anthu, ndipo anagwiritsa ntchito nsalu yoyerayo kutiuza mmene tizilimira, mmene tizimvera, ndi mmene tizidzionera tokha. Lero nsalu ija ili m'foni imene mdzukulu wanu amagona nayo, ndipo zimene zimaonekamo zambiri zimachokera kunja.

Komabe mantha anu ali ndi maziko m'mbiri ya dziko lino. Ufulu utabwera mu 1980, boma linakopa makampani akunja kudzajambula kuno, ndipo linaika madola a ku America oposa 5 miliyoni mu filimu ya Cry Freedom ya mu 1987, yonena za Steve Biko, imene anatsogolera Richard Attenborough. Phindu limene ankayembekeza silinabwere, ndipo kuyambira pamenepo boma linachita mphwayi ndi nkhani yoika ndalama m'mafilimu. Sikuti zonse zinapita pachabe, pakuti anthu akuno ambiri anaphunzira kugwira makamera, magetsi ndi zojambulira mawu pa ntchito ngati imeneyo. Cholakwika chinali kuunjika mbewu yonse pa phando limodzi, pa filimu imodzi yaikulu imene eni ake enieni anali kutsidya la nyanja.

Mpata umene boma linasiya anaudzaza ndi mabungwe a thandizo akunja. Neria, imene anatsogolera Godwin Mawuru, nkhani yake ya Tsitsi Dangarembga ndipo nyimbo zake za Oliver Mtukudzi, inapangidwa ndi Media for Development Trust, bungwe lodalira ndalama za mabungwe oterewa, monganso Everyone's Child ya mu 1996 ndi Yellow Card ya mu 2000. Anali mafilimu abwino, ndipo ambiri a ife tinalira poonera Neria, mayi wamasiye, akulandidwa katundu ndi alamu ake, chifukwa zimenezo tinaziona m'mabanja mwathu momwe. Koma wopereka ndalama amabwera ndi mutu wake wa nkhani, kaya ndi chuma cha amasiye, Edzi kapena mimba za achinyamata, ndipo ndale ndi chuma zitasokonekera kuyambira mu 2000, ambiri ananyamuka ndi zikwama zawo. Ntchito yomangidwa pa thumba la mlendo inagwa mlendoyo atapita, ndipo nyumba zambiri za kanema m'tauni muno zinatsekedwa, zina n'kusanduka matchalitchi.

Tsono yankho langa ndi lakuti boma liyenera kuthandiza, koma sikofunika kuti litape pa ndalama za mankhwala. Ku France, kuyambira mu 1948, tikiti iliyonse ya kanema imadulidwa msonkho wopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo ndalamazo zimapita ku bungwe la CNC limene limathandiza opanga mafilimu a m'dzikomo. Pambuyo pake mawailesi a kanema ndi makampani oonetsa mafilimu pa intaneti anayambanso kusonkha. Mwa njira imeneyi ngakhale filimu ya ku Hollywood ikadzaza holo ku Paris, imakhala ikulipirira filimu ya Chifalansa ya mawa. Ku South Africa anakhazikitsa bungwe lothandiza opanga mafilimu la National Film and Video Foundation kudzera m'lamulo la mu 1997, ndipo unduna wa zamalonda unakonza dongosolo lobwezera opanga mafilimu gawo la ndalama zimene aonongera m'dzikomo. Kuno nyumba za kanema zatsala zochepa, kotero msonkho wa matikiti wokha sungakwane, koma anthu amalipira mwezi ndi mwezi madishi a kanema ndi intaneti, ndipo kagawo kakang'ono ka ndalama zimenezo, kotetezedwa ndi lamulo kuti kasasochere m'thumba lalikulu la boma, kangathe kusunga ntchitoyi chaka ndi chaka. Filimu ikamajambulidwa amene amadyapo si ochita zisudzo okha ayi. Mmisiri wa matabwa, telala, mayi wophika, dalaivala ndi mwini nyumba yochitira lendi, onsewa amalandirapo, ndipo ambiri a iwo ndi anansi anu a ku Mufakose komweko.

FUNSO: A Mkonzi, mwana wanga wamwamuna anamaliza Fomu 6 ndipo akuti moyo wake ndi makatuni. Magetsi akabwera pakati pa usiku amadzuka n'kuyatsa laputopu imene amalume ake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg, ndipo m'mawa ndimamupeza maso ali psuu, mapepala a zithunzi za Kalulu ndi Fisi ali mbwee pamphasa. Miyezi inayi yatha akupanga kanthu kamene sikakwana ndi mphindi ziwiri zomwe. Anapitako ku ofesi ina kukafunsa za thandizo, koma anangomuuza kuti abwerenso. Kodi ndimulimbikitse kapena ndimuuze akafune ntchito ina? — Mayi wa ku Mabvuku

YANKHO: Mayi, choyamba musaganize kuti mwana wanuyo ndi waulesi. Kanema amathamangitsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo ojambula makatuni pamanja kawirikawiri amajambula 12 n'kuonetsa chilichonse kawiri. Ndiye kuti mphindi imodzi yokha imafuna zithunzi 720, ndipo mphindi ziwiri zimene mukunenazo zingafune zithunzi 1,440, osawerengera kupaka mitundu, kujambula nkhalango ya kumbuyo, kuika mawu ndi nyimbo. Munthu mmodzi wodikira magetsi a usiku akafika pamenepo m'miyezi inayi, wagwira ntchito ya thukuta.

Apa ndi pamene makatuni amasiyana ndi filimu wamba. Cook Off, imene anatsogolera Tomas Brickhill, inajambulidwa muno mu Harare ndi madola pafupifupi 8,000 okha, ambiri mwa ochita nawo atavomera kudzalandira malipiro mtsogolo, ndipo mu 2020 inakhala filimu yoyamba ya ku Zimbabwe kuonetsedwa pa Netflix. Ndi nkhani yonyaditsa, ngakhale ine sindikondwa anthu akamaitchula ngati umboni wakuti aluso athu safuna thandizo, chifukwa munthu sangagwire ntchito ya ngongole moyo wake wonse. Koma makatuni sangapangidwe ndi kudzipereka kwa milungu yochepa. Amafuna gulu la anthu okhala pa makompyuta zaka ziwiri kapena zitatu asanagulitse kalikonse, ndipo palibe banki imene ingabwereke mnyamata wa ku Mabvuku ndalama za nthawi yaitali chotero popanda chikole. Mpata umenewu, wa pakati pa ganizo ndi chinthu chooneka chimene wogula angachikhulupirire, ndi umene thumba la boma liyenera kutseka.

Luso lilipo, ndipo linaoneka kale. Mu 2003 gulu laling'ono lotsogoleredwa ndi Roger Hawkins linatulutsa The Legend of the Sky Kingdom, filimu yathunthu yopangidwa muno mu Harare ndi zidole zoumbidwa kuchokera ku zitsulo, mawaya ndi zinthu zotayidwa, zimene ankazisuntha pang'onopang'ono n'kumajambula chithunzi chimodzichimodzi. Mu 2023 Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove anatsogolera Mukudzei, imodzi mwa nkhani za mndandanda wa makatuni a ku Africa wa Kizazi Moto pa Disney+, yokhudza Great Zimbabwe. Koma onani kumene ntchito ya Mukudzeiyi inadzera: kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, imene mafilimu ake oyamba, Adventures in Zambezia ya mu 2012 ndi Khumba ya mu 2013, analandira thandizo la mabungwe a boma la South Africa. Kampani yomweyo ndi imene inagwira ntchito ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia pa makatuni a Supa Team 4. Ana a chigawo chino ali ndi nkhani ndi manja, koma nyumba yogwiriramo ntchito inamangidwa kumene boma linaikapo njerwa.

Ndiye mulimbikitseni, koma mwanzeru. Amalize kanthu kamodzi kakafupi m'malo moyamba zinthu zisanu, chifukwa opereka ntchito ya makatuni amayang'ana chimene munthu wapanga kuposa satifiketi. Aphunzire Blender, pulogalamu yaulere imene akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito. Asagwire yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga: apeze mnzake wodziwa kulemba nkhani ndi wina wa mawu, ndipo alembetse gulu lawo ku bungwe la zaluso la National Arts Council of Zimbabwe, chifukwa thandizo likapezeka limafika msanga kwa odziwika m'mabuku. Azitumizanso ntchito yake ku zikondwerero monga Zimbabwe International Film Festival, imene inayamba mu 1998. Ndipo ngati angapeze ganyu yojambulira masitolo zotsatsa malonda, asainyoze, chifukwa ndi imene ingagule sola ndi batire kuti azigona usiku ngati anzake. Bungwe la zaluso lija linatulutsa ndondomeko ya mafilimu ya zaka za 2025 mpaka 2030, ndipo ife makolo tili ndi ufulu wofunsa aphungu athu kuti mu bajeti ya chaka chilichonse mwaikidwa zingati zoti ndondomekoyo iyendere, ndi kuti mwa ndalamazo za makatuni ndi zingati.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimachita zisudzo ndi anzanga. Ndikuopa zinthu ziwiri: kuti ndalama za boma zikabwera tidzauzidwa zoti tinene, komanso kuti ife olankhula Chichewa sitidzaonapo kanthu chifukwa ena amatiyesabe alendo. Kodi ndikulakwa? — Mtsikana wa ku Dzivarasekwa

YANKHO: Chemwali, simukulakwa. Mu 1996 apolisi analanda filimu ya Flame ya Ingrid Sinclair isanamalizidwe, chifukwa ena anakwiya ndi mmene inaonetsera nkhanza zimene akazi omenyera ufulu anakumana nazo m'misasa. Inabwezedwa, ndipo inakaonetsedwa ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, chaka chomwecho. Lamulo lounika mafilimu ndi zisudzo, Censorship and Entertainments Control Act, ndi la mu 1967, nthawi ya Ian Smith. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti thumba la mafilimu likhazikitsidwe ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, osankha olandira akhale anthu odziwa ntchitoyi amene amasinthidwa pakapita nthawi, ndipo mayina a olandira ndi kuchuluka kwa ndalama zizisindikizidwa poyera chaka chilichonse. Popanda zimenezi tidzangobwezeretsa galimoto ya bayisikopo ija, dalaivala yekha atasintha.

Pa nkhani ya chilankhulo muli ndi poimira polimba. Gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, Chichewa chili m'gulumo, ndipo limalamula boma kuzilemekeza mofanana ndi kuzitukula. Agogo athu anakumba migodi, analima fodya ndi kumanga mzinda uno, ndipo zidzukulu zawo zimalipira msonkho ngati wina aliyense, kotero popempha gawo la thumbalo sitikupempha chifundo. Palinso mfundo ya malonda imene opereka ndalama angaimve msanga: filimu ya m'Chichewa siithera ku Dzivarasekwa kapena ku Tafara, imamveka ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Tete. Ku Malawi, Shemu Joyah, amene anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, ndi Joyce Mhango Chavula, amene filimu yake ya Lilongwe inapambana mphoto ya mafilimu a ku Africa ya Africa Magic mu 2016, aonetsa kuti nkhani za kwathu zimaoloka malire, ndipo The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, inamveketsa Chichewa kwa oonera a m'maiko ambiri.

Chimene ndingakupempheni ndi chakuti musadikire kuti thumbalo likhazikitsidwe kaye. Khalani pansi ndi agogo a m'dera lanu amene akukumbukirabe ulendo wapansi wochokera ku Nyasaland kudzera ku Tete, nyimbo za pamtondo, ndi zimene eni mwambo angalole kuti zinenedwe za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Ajambuleni mawu ngakhale ndi foni, atakulolani, ndipo lembani sewero lanu m'Chichewa chimene mumalankhula kunyumba, chosakanikirana ndi Chishona monga mmene chilili. Mukalimaliza titumizireni tsamba loyamba, ndipo tidzalisindikiza pa tsamba lino.