Amayi anga sayenda, kodi boma lingatithandize?

Funso: Amayi anga a zaka 71 anadwala sitiroko ndipo sayendanso. Ndinasiya kugulitsa tomato pa msika wa Kapata kuti ndiziwasambitsa ndi kuwadyetsa. Kodi boma lili ndi thandizo? — Mayi wa ku Chipata

Yankho: Pepani mayi, mwasenza katundu wolemera. Thandizo lilipo: Social Cash Transfer, ndalama zomwe boma la Zambia limapereka kwa mabanja osauka, yomwe inayambira ku Kalomo mu 2003. Banja losauka lokhala ndi munthu wokalamba ngati amayi anu lingathe kulembedwa, ndipo la munthu wolumala kwambiri limalandira ndalama zochulukirapo. Choncho musangotchula zaka zawo zokha. Pitani nawo kuchipatala, adokotala alembe kalata yotsimikizira kulumalako.

Kenako tengani reji yawo, mukaonane ndi a CWAC (komiti yothandiza kulemba mabanja ovutika) a m'dera lanu kapena ofesi ya Social Welfare. A CWAC ndi anthu ongodzipereka, midzi ndi yambiri, ndiye musadikire kuti akupezeni pakhomo.

Chondipweteka ine n'chakuti ndalamazi, zobwera miyezi iwiri iliyonse, si malipiro a inu wosamalira. Zingagule sopo ndi ufa, koma sizingabweze bizinesi yanu. Itanani abale anu mugawane masiku, mubwerere kumsika ngakhale kawiri pa sabata.