Malume sakupuma pa gulupu ya banja: ndiziwatsutsa kapena ndingotuluka?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa kwathu kuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Kalatayo ndi yaitali, koma mutu wake ndi uwu: pa gulupu ya WhatsApp ya banja lawo pali malume ake amene salola nkhani kudutsa osaiponyerapo mawu. Kaya ndi ndale za ku Lilongwe, kaya ndi Donald Trump, kaya ndi woimba amene wasiyana ndi mkazi wake, malumewo ndemanga ali nayo kale, ndipo zambiri zimene amatumiza sanazifufuze. Tsiku lina mnyamatayu anawatsutsa pagulu, n'kuikapo ndi umboni womwe. Malume anakhumudwa, ndipo madzulo ake mayi ake anamuimbira foni kuti wachita chipongwe kwa akuluakulu. Tsopano akufunsa ngati macheza otere ali ndi phindu lililonse, komanso ngati apitirize kuwatsutsa kapena angotuluka pa gulupupo.

Achimwene, ndiyambe ndi zimene mwina simukufuna kumva. Malume anuwo sakuchita zachilendo. Anthu akhala akutafuna nkhani chonchi kuyambira kale: pa bawo, pa mjigo, m'minibasi, kometetsa tsitsi, ngakhale pa siwa usiku moto ukamazilala. Amene anamvera wailesi amafotokoza, wina amawonjezera mchere, wachitatu amatsutsa, onse n'kuseka, kenako aliyense wa kwawo. Chasintha n'chakuti mawu a pa bawo ankauluka ndi mphepo, pomwe a pa foni amakhala, ndipo mawa lake mumawapeza afika ku Karonga.

Musanawaweruze, kumbukiraninso nthawi imene anakuliramo. Ngati ali ndi zaka zoposa 55, unyamata wawo unali wa chipani chimodzi ndi wailesi imodzi, ya MBC. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999. Nthawi imeneyo munthu ankayang'ana kaye uku ndi uku asanatchule dzina la Kamuzu, chifukwa sunkadziwa kuti ndani akakunenera kwa Apayoniya, ndipo ku Mikuyu kunkapita anthu chifukwa cha pakamwa pokha. Kalata ya maepisikopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi mu Marichi 1992, chimene chinadzidzimutsa anthu sichinali chachilendo cha nkhanizo ayi. Aliyense ankazidziwa. Chodabwitsa chinali kumva zinthu zonong'onezana zikunenedwa pa guwa masanasana. Kenako kunabwera riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo pakamwa panatseguka. Ine ndikaona bambo wa msinkhu umenewo akunyogodola pulezidenti pa foni mopanda mantha, sindifulumira kunyansidwa naye. Akubweza ngongole ya zaka zambiri zokhala chete.

Funso lanu loti macheza amenewa ali ndi phindu lanji ndiliyankha ndi zimene tonse tinaziona. Chisankho cha Meyi 2019 chitatha, dzina limene linamatirira linali la Tipp-Ex, mankhwala ofufutira aja. Silinachokere kwa maloya. Linakula m'macheza, m'zithunzi zoseketsa, m'mawu oti madando amene anthu anawatola kwa mkulu wa nthawiyo wa bungwe la zisankho la MEC, Jane Ansah, n'kuyamba kuwagwiritsa ntchito paliponse, mpaka mwana wodandaula kuti ndiwo zachepa ankauzidwa kuti akapereke madando ake. Agogo amene sakanatha kutsatira mikangano ya malamulo ankamvetsa kuti manambala anafufutidwa n'kulembedwanso. Pamene oweruza asanu a mlandu wotsutsa zotsatira za chisankhocho ankawerenga chigamulo chawo tsiku lathunthu pa 3 Febuluwale 2020, dziko lonse linali pa wailesi, chifukwa nthabwala zinali zitasunga nkhaniyo kuti isazizire kwa miyezi isanu ndi itatu.

Chimodzimodzi mu 2022, zitamveka kuti K750 miliyoni ya feteleza wa AIP, ndondomeko ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, inapita ku kampani ya ku Britain yochita malonda a nyama. Anthu sanalembe malipoti. Ankangofunsana kuti feteleza wa ku butchala amamugulitsa pa kilo kapena pa mulu. Mu Okutobala chaka chomwecho nduna ya zaulimi, Lobin Lowe, inachotsedwa. Sindikunena kuti nthabwala ndi zimene zinaichotsa, koma boma limene likusekedwa m'minibasi iliyonse limavutika kunamizira kuti silikumva.

M'kalata yanu munadandaulanso kuti abale anu amataya nthawi ndi nkhani za anthu otchuka m'malo mwa zinthu zofunika. Apa ndivomere kuti nanenso ndinagwamo. Russia inalowa m'dziko la Ukraine pa 24 Febuluwale 2022. Patangotha mwezi, pa 27 Marichi, Will Smith anakwera pa nsanja pa mwambo wa ma Oscar ku Los Angeles n'kumuwaza mbama Chris Rock chifukwa choseka mutu wometa wa mkazi wake. Pa magulupu amene ndilimo, mbama imeneyo inatenga sabata yathunthu, ndipo ine ndinali patsogolo kukangana. Za Ukraine tinkangozidutsa, ati za azungu zimenezo.

Nditaganizira bwino ndinaona chifukwa chake. Nkhani ya mbama aliyense ali nayo mbali. Amayi ankati mwamuna weniweni salola mkazi wake kunyozedwa pagulu, abambo ena ankati munthu wamkulu sakweza dzanja pamaso pa anthu, azibusa a pa gulupu anabweretsa mavesi. Tinkatchula Will Smith, koma amene tinkamukamba anali mlamu wathu uja wa mtima wapachala. Nkhondo ya ku Ukraine inalibe potigwira, kufikira pamene inatipeza m'golosale. Russia ili m'gulu la mayiko ogulitsa feteleza wambiri padziko lonse, ndipo Ukraine imalima mpendadzuwa ndi tirigu wochuluka. Mafuta ophikira anakwera, buledi anakwera, mu Meyi kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo thumba la feteleza wa AIP limene mlimi ankapereka K7,500 linafika pa K15,000. Apo m'pamene malume ambiri anasanduka akatswiri a za Putin. Anachedwa, inde, koma sindinganene kuti anali opusa. Munthu amayamba kulankhula za chinthu chikamukhudza pakhungu.

Tsono pali pamene ndikugwirizana nanu kwathunthu, ndipo mpamene muyenera kuikapo mtima. Pali kusiyana pakati pa ndemanga ndi uthenga. Malume akati nduna yakutiyakuti ndi yaulesi, amenewo ndi maganizo awo, asiyeni. Koma akatumiza mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika amene akuti m'bale wake amagwira ntchito ku State House ndipo waona ndi maso ake chakutichakuti, imeneyo si ndemanganso. Ndi kandimverere uja anakanena za m'maluwa, kungoti wa masiku ano amafika m'nyumba zikwizikwi pa ola limodzi.

Tinaona kumene zimenezi zimathera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongoganiziridwa, misewu inatsekedwa ndi anyamata onyamula zibonga, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Aliyense amene ankafalitsa ankati wangomva. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziona ngati wopha munthu.

Ndege itasowa pa 10 Juni 2024, itanyamula wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu paulendo wa ku Mzuzu, usiku umenewo mafoni sanagone. Wina akuti yatera kwakuti, wina akuti onse ali moyo, wina akutumiza chithunzi cha ngozi ya dziko lina. M'mawa mwake inapezeka m'nkhalango ya Chikangawa, wopulumuka panalibe. Mafunso amene anthu akhala akufunsa kuchokera tsiku limenelo ndi oyenera kufunsidwa, ndipo palibe amene angawaletse. Koma ganizirani ana ndi akazi a anthu amene anali m'ndegemo, amenenso anali ndi mafoni m'manja usiku womwewo, akuwerenga zimene ife tinkatumizirana kuti tioneke odziwa msanga.

Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chinali chimodzimodzi. Masiku asanu ndi atatu odikira aja, gulupu iliyonse inali ndi MEC yakeyake, zotsatira zikusinthasintha malinga ndi chipani cha wotumizayo. Pa 24 Seputembala bungwe lenileni linalengeza kuti Peter Mutharika wapambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera atavomereza kale kugonja masana a tsiku lomwelo. Amene anatumiza manambala abodza palibe anabwerera kudzapepesa. Anangodumphira pa nkhani ina.

Palinso lamulo, ndipo ili malume ayenera kulidziwa chifukwa cha chitetezo chawo chomwe. Kuyambira 2016 tili ndi lamulo loona za pa intaneti, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba za pa WhatsApp ndi Facebook. Ine ndimaona kuti lamuloli nthawi zina limagwiritsidwa ntchito poopseza otsutsa, koma apolisi akafika pakhomo, mawu oti ndinangotumiza zimene ndinalandira sathandiza kwenikweni.

Nanga inu mutani? Kutuluka pa gulupu ayi. Muli kutali, ndipo gulupu yomweyo ndi imene idzakuuzeni za matenda, za maliro, za chinkhoswe cha mlongo wanu. Mukatuluka, uthenga woti mwatuluka udzaoneka kwa onse, ndipo nkhani idzakhala yoti mwana uja ndalama za ku Joni zamukwera m'mutu. Ikani gulupuyo pa mute, muzilowa madzulo mukaweruka.

Kuwatsutsa pagulu nakonso munalakwitsa, ngakhale mfundo yanu inali yoona. Malume si mnzanu wa pa Facebook. Ndi mwini mbumba, ndi amene adzakhale nkhoswe tsiku limene banja lanu lidzagwedezeke. Mutawaikira umboni pamaso pa azilongo awo ndi adzukulu, iwo sanaone umboni, anaona mphwawo akuwavula chipewa pabwalo. Munthu wochititsidwa manyazi sasintha maganizo, amangolimbikira pomwepo. Mayi anu sanakudzudzuleni chifukwa choti amakhulupirira uthengawo. Ankateteza ulemu wa mlongo wawo.

Sankhani zoti mulowererepo. Za oimba, za mpira, za Trump, zisiyeni zidutse, mwinanso muzisekako nawo, chifukwa n'kutheka kuti akuluwo amatumiza zimenezi pofuna kuti wina awayankhe, ana onse atabalalika m'matauni. Koma uthenga umene ungapweteketse munthu, wotchula dzina la wina kuti ndi mfiti kapena wakuba, wonena za mankhwala ochiza matenda onse, wouza anthu kuti asabayitse ana katemera, umenewo musaulekerere. Aimbireni foni paokha. Yambani ndi moni, funsani za kumunda ndi za thanzi lawo, kenako muwafunse modzichepetsa kuti nkhani ija anaimva kwa ndani, chifukwa inu mwaifufuza pa Zodiak ndi m'nyuzipepala za Nation ndi Times koma simukuipeza. Musawauze kuti ananama. Apatseni mpata woti akonze okha, ulemu ukhale wawo.

Ine ndili nawo malume otero, ndipo njira imeneyi ndinaiphunzira nditapsa kale ngati inu. Masiku ano asanatumize chinthu chachikulu pa gulupu amayamba anditumizira kumbali, n'kulemba kuti: Mphwanga, taona ngati izi n'zoona. Ndikawauza kuti n'zabodza, nthawi zambiri amazisiya. Nthawi zina amatumizabe, koma pamwamba pake amalembapo kuti akuti.