Timu ya New York Yankees ya nthawi zonse: amene ndingawaike ndi zifukwa zake

Achimwene, mwafunsa kuti titapatsidwa mwayi wosankha pakati pa osewera onse amene anavalapo yunifolomu ya New York Yankees, timu ya baseball ya ku America, kuyambira kale mpaka lero, tingaike yani pamalo ati kuti tipange timu imodzi yoposa zonse, ndipo mwanena kuti inu simungasiye Alex Rodriguez ndi Reggie Jackson. Pa anthu awiri amenewa ndikusiyana nanu, koma ndisanafike kwa iwo ndiyenera kutchula lamulo limene ndatsatira, chifukwa popanda lamulo zokambirana zotere zimangokhala mndandanda wa mayina otchuka.

Ine ndikuwerengera zokhazo zimene munthu anachita ali ku Yankees. Rickey Henderson ndi Roger Clemens ndi akatswiri osayamba, koma mbiri yawo yaikulu anaipangira kwina, choncho sindiwalowetsa. Ndiponso aliyense ayenera kuima pamalo amene anaseweradi, pakuti timu ya baseball, monga ya mpira wamiyendo, singalowe m'bwalo ndi omwetsa zigoli okhaokha.

Malo ena alibe mkangano. Pa first base (malo oyamba mwa ma base amene womenya amathamangira pozungulira bwalo) pali Lou Gehrig, amene anasewera masewero 2,130 otsatizana osajomba, anamenya ma home run 493 (kumenya mpira n'kuzungulira ma base onse, kawirikawiri mpirawo utadumpha mpanda), ndipo anasiya mu 1939 chifukwa cha matenda amene anamupha mu 1941. Don Mattingly timamukonda, ndipo anali wosewera wopambana mu ligi mu 1985, koma pano akhala pabenchi. Pa shortstop (pakati pa second base ndi third base) pali Derek Jeter, wa ma hit 3,465 (kumenya mpira n'kufika pa base osatulutsidwa) ndi zikho zisanu za World Series, mpikisano womaliza wa chaka. Ndikudziwa kuti akatswiri a ziwerengero amati pogwira mipira sanali kufika patali, ndipo akunena zoona, koma palibe wina ku Yankees amene anagwira malo amenewa kwa nthawi yaitali chotero akumenyanso mpira motero. Wowakha mpira kumbuyo kwa womenya ndi Yogi Berra, amene anatenga zikho khumi monga wosewera ndipo anasankhidwa katatu kukhala wopambana mu American League, ligi imene Yankees imaseweramo, mu 1951, 1954 ndi 1955. Wachiwiri wake ndi Bill Dickey, amene anamuphunzitsa ntchitoyo, ngakhale kuti mtima wanga umamvera chisoni Thurman Munson, kaputeni amene anamwalira pangozi ya ndege mu 1979 asanamalize ntchito yake.

Povuta kwenikweni ndi kubwalo lakunja, chifukwa Yankees inali ndi amuna awiri a pakati, Joe DiMaggio ndi Mickey Mantle, pomwe malowo ndi amodzi. DiMaggio anamenya hit m'masewero 56 otsatizana mu 1941, anatenga zikho zisanu ndi zinayi m'zaka 13 zokha, ndipo zaka zitatu za mphamvu zake, 1943 mpaka 1945, anazithera ku usilikali. Mantle ankamenya ndi mbali zonse ziwiri, anafika ma home run 536, ndipo mu 1956 anatsogola ligi pa zinthu zitatu zikuluzikulu za womenya. Ndikayeza ndodo yokha, Mantle ndiye anali woopsa kwambiri. Komabe pakati ndikuikapo DiMaggio, chifukwa bwalo lakale la Yankee Stadium linali lalikulu modabwitsa chapakati ndi chakumanzere, ndipo iye ankalidzaza mosaoneka kuvutika. Awiriwa anasewerera limodzi chaka chimodzi chokha, mu 1951, Mantle ali kumanja. Pa sewero lachiwiri la World Series chaka chimenecho, onse anathamangira mpira womenyedwa ndi Willie Mays, DiMaggio anaitana kuti ndi wake, ndipo Mantle poima mwadzidzidzi nsapato yake inakodwa pa chivundikiro cha ngalande, bondo n'kuwonongeka. Zonse zimene anachita pambuyo pake anazichita ndi bondo limenelo. Ndikumuika kumanzere, kumene anaseweranso chakumapeto kwa ntchito yake.

Kumanja ndi kwa Babe Ruth, ndipo apa sindichedwapo. Anagulidwa kuchokera ku Boston Red Sox nyengo ya 1920 isanayambe, anamenya ma home run 60 mu 1927, ndipo mwa 714 a moyo wake wonse, 659 anawamenyera Yankees.

Tsopano tifike kwa Reggie Jackson, amene mungafune kuti atenge malo a womenya yekha wosapita kukagwira mipira, malo amene American League inawakhazikitsa mu 1973. Usiku wa pa 18 October 1977 sudzaiwalika: pa sewero lachisanu ndi chimodzi lolimbana ndi Los Angeles Dodgers, anamenya ma home run atatu kwa oponya atatu osiyana, aliyense pa mpira woyamba umene anamuponyera. Koma Jackson anakhala ku New York zaka zisanu zokha, ndipo zaka zake zambiri zabwino anazithera ku Oakland. Aaron Judge wasewerera Yankees yokha, anamenya 62 mu 2022 n'kupyola 61 a Roger Maris a mu 1961, ndipo anasankhidwanso kukhala wosewera wopambana mu ligi mu 2024. Malowa ndikumupatsa Judge, ndipo amene angafune kumuika kumanja kuti Ruth angomenya sindingakangane naye, chifukwa Judge amagwira bwino mipira ndipo dzanja lake ndi lamphamvu.

Pa third base ndi pamene ndikuyembekeza kuti ambiri m'gulu muno anditsutsa. Pa ziwerengero, Rodriguez amaposa aliyense amene anaimapo pamenepa: anali wopambana mu ligi mu 2005 ndi 2007, ndipo chikho cha 2009 sichikanabwera popanda ndodo yake. Koma iye mwini anavomera kuti anagwiritsapo ntchito mankhwala oletsedwa, ndipo anaimitsidwa nyengo yonse ya 2014 ali wosewera wa Yankees. Sindingathe kulekanitsa zimene anachita ndi mphamvu zake ndi zimene mankhwala anamuonjezera, ndipo timu ya nthawi zonse ndi ulemu, si malipiro a ntchito. Ndikusankha Graig Nettles, amene anamenya ma home run 250 m'zaka 11 ku New York. Mu World Series ya 1978, Yankees itagonja masewero awiri oyamba, pa sewero lachitatu Nettles anadzigwetsa mobwerezabwereza kutsekereza mipira yoyaka moto imene inkalowera m'mbali mwa mzere, n'kudzuka kuponya molondola, Dodgers itadzaza anthu pa ma base. Kuchokera pa sewero limenelo Yankees inapambana anayi otsatizana. Pa second base ndikuika Tony Lazzeri wa m'timu yotchuka ya 1927, ngakhale kuti Willie Randolph ndi Robinson Canó ali ndi owaikira kumbuyo, ndipo apa kusiyana n'kochepa.

Oponya mpira satchulidwa kawirikawiri m'nkhani za Yankees, mwina chifukwa omenya anatenga ulemerero wonse. Woyamba ndi Whitey Ford, wa zipambano 236, zochuluka kuposa aliyense m'timuyi, ndi zipambano khumi mu World Series. Omutsatira ndi Red Ruffing, Lefty Gomez, Andy Pettitte ndi Ron Guidry, amene mu 1978 anapambana masewero 25 n'kugonja atatu okha. Wina anganene kuti Pettitte nayenso anavomera kuti anagwiritsapo ntchito mankhwala okulitsa thupi a hGH pochira kuvulala, ndiye n'chifukwa chiyani ndamulowetsa nditakana Rodriguez. Funso limeneli ndi loyenera. Ine ndikuona kusiyana pakati pa munthu amene sanaimitsidwepo ndi amene ligi inamuchotsa chaka chathunthu, koma amene angaike Mel Stottlemyre m'malo mwake ali ndi mfundo yomveka. Woponya wotseka sewero ndi Mariano Rivera wa ku Panama, amene anateteza zipambano 652 pafupifupi ndi mtundu umodzi wa mpira, cutter, umene unkapatuka pang'ono pomaliza n'kuthyola ndodo za omenya akumanzere. Mu 2019 anakhala munthu woyamba kulowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a baseball, ndi mavoti onse.

Pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchibisa poyamikira akale. Ruth, Gehrig, Lazzeri ndi Gomez anasewera nthawi imene anthu akuda ankaletsedwa m'ligi zazikulu, tsankho limene Jackie Robinson anayamba kulithyola mu 1947, ndipo Yankees yokha inachedwa mpaka 1955 pamene inalowetsa Elston Howard. Ziwerengero zawo anazipeza osakumana ndi akatswiri onse a m'badwo wawo. Sindikuwachotsa chifukwa cha zimenezi, pakuti anaposa anzawo ndi mpata waukulu kwambiri, koma ndi chifukwa chake pabenchi ndikufuna Howard, wopambana mu ligi mu 1963, limodzi ndi Bernie Williams, Mattingly, Dickey ndi Phil Rizzuto.

Mphunzitsi ndi Casey Stengel. Iye ndi Joe McCarthy aliyense anatenga zikho zisanu ndi ziwiri mwa 27 za timuyi, koma Stengel anatenga zisanu motsatizana, 1949 mpaka 1953, ndipo ankadziwa kusinthasintha osewera malinga ndi woponya amene akukumana naye, luso limene lingafunike kwambiri kwa munthu woti auze Mantle kuti asunthire kumanzere.