Bilu ya madzi ikakwera katatu, yambani mwafunsa mita

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati pa poloti pomwe mukuchita lendi ku Ndirande pali mabanja anayi, mita ndi imodzi, ili m'dzina la alandilodi omwe amakhala kutali. Mabanja atatu mumatunga pa mpope wa panja, pomwe a m'nyumba yaikulu adakokera paipi m'nyumba mwawo, muli shawa ndi chimbudzi cha madzi. Bilu mumagawana mofanana, koma mwezi uno yakwera pafupifupi katatu. Mutadandaula, bambo a m'nyumba yaikuluyo ati ndinu amene mukuononga madzi ndi kuchapa, ndipo aika loko pa mpope wa panja. Ndiye mukufunsa ngati mungokana kulipira, kapena muitane mnyamata adule paipi yolowa kwawo.

Zonse ziwirizo musachite. A Water Board sadziwa kuti pa poloti panu pali wolakwa ndi wosalakwa, iwo amaona akaunti imodzi basi. Ngongole ikakula adzadula madzi a nonse, ndipo mudzasonkherananso ya kulumikizitsa pamwamba pa ngongoleyo. Kudula paipi ndiye koipitsitsa, chifukwa lero odandaula ndinu, mawa mudzapezeka kupolisi mukuyankha mlandu woononga katundu wa eni ake.

Chomwe chikundipweteka pa nkhani yanu n'chakuti mwafika poikirana loko palibe ndi mmodzi yemwe amene wagwada pansi n'kuona chimene mita ikunena. Kuchapa kokha sikungakweze bilu katatu. Yuniti imodzi pa mita ndi malita 1,000, omwe ndi zidebe 50 za malita 20. Tiyerekeze kuti mumatunga zidebe 10 tsiku lililonse: pamwezi ndi malita 6,000, mayuniti 6 okha. Kuti munthu wotunga ndi chidebe akweze bilu chonchi, poloti yonse ikadamuona akungozungulira pa mpope kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Bilu ikalumpha mwadzidzidzi, kawirikawiri pamakhala ngongole yakale yomwe sidalipidwe, kapena madzi akutayika penapake pomwe simukuona.

Choyamba, pemphani bilu yeniyeniyo, osati nambala yongouzidwa pakamwa. Onani ngati pali ndalama yotsalira ya miyezi ya m'mbuyo. Izi zimachitika kwambiri pamene munthu mmodzi ndiye amatolera ndalama za onse. Mavuto akamupeza amalipira theka n'kuganiza kuti adzakwaniritsa mwezi wamawa, ndiye ngongole imangounjikana mpaka kudzaonekera tsiku lina. Kenako tengani nambala yomwe yalembedwa pa bilupo mukayerekeze ndi yomwe ili pa mita. Manambala akuda ndiwo mayuniti, ofiira ndi tizigawo ta yuniti. Ngati nambala ya pa bilu ili patsogolo kuposa ya pa mita, ndiye kuti padalakwika powerenga. Jambulani mitayo pafoni mupite nazo ku ofesi ya Blantyre Water Board mukapemphe kuti akonze.

Ngati bilu ili bwino, yesani izi tsiku lomwe madzi akutuluka, mabanja onse anayi alipo. Tsekani mipope yonse, aliyense asasambe kapena kugejemula kwa kanthawi. Pukutani galasi la mita muyang'anitsitse. Mamita ambiri ali ndi kachinthu kakang'ono kooneka ngati nyenyezi kapena kawilo, komwe kamazungulira madzi akamadutsa ngakhale pang'ono chabe. Kakamayenda mipope yonse ili chitsekere, madzi akutayika. Tsopano tsekani gate valve (valavu yotsekera madzi) ya paipi yolowa m'nyumba yaikulu. Kakaima, vuto lili m'nyumbamo. Kakapitiriza, lili pa paipi ya pansi pa nthaka pakati pa mita ndi mpope wanu. Ngati pomwe adalumikizapo sadaikepo valavu, lembani nambala ya pa mita usiku anthu onse atagona, mudzawerengenso m'mamawa wina asanatunge, kuti mudziwe kuchuluka kwa madzi otayika.

Ine ndikukayikira kwambiri thanki ya chimbudzi. Mkati mwake muli ball valve, ija ili ndi kampira koyandama, yomwe imatseka madzi thanki ikadzaza. Kamphira kake kakatha, madzi amangolowa n'kumatsikira m'chimbudzi usana ndi usiku, mwakachetechete, ndipo amatha kufika malita mazana angapo patsiku. Eni nyumba amakhala asakudziwa n'komwe, chifukwa pansi sipanyowa. Vundukulani chivundikiro cha thankiyo, donthezeranimo madzi a bulu wochapira kapena jusi wofiira, mudikire mphindi 20 osagejemula. Mtundu uja ukaonekera m'chimbudzimo, mwapeza komwe ndalama zanu zikupita. Ikakhala paipi ya pansi, fufuzani malo omwe dothi limakhala lonyowa nthawi ya chilimwe, kapena pomwe udzu ukubiriwira wokha mu Okutobala. Mapaipi achitsulo akale amachita dzimbiri molumikizira, apulasitiki osakwiriridwa mozama amang'aluka ndi khasu la munthu wolima kadimba kuseri kwa nyumba.

Palinso china chomwe ife a mu Blantyre timachidziwa. Madzi athu ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amawapopa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera mamita ngati 800 kuti afike mumzinda muno. Magetsi akavuta kapena paipi yaikulu ikaphulika, madera okwera amakhala oyamba kuuma ndi omaliza kulandira, nthawi zambiri pakati pa usiku. Munthu amatsegula mpope masana n'kupeza mpweya wokhawokha, n'kuusiya chitsegulire kuti adzamve madzi akabwera. Madzi amabwera iye ali mtulo, beseni limadzaza n'kusefukira mpaka tambala woyamba. Apa aliyense pa polotipo adzifunse, a mpope wa panja ndi a m'bafa omwe.

Za kukonza, paipi yochokera kumsewu kudzafika pa mita ndi ya Water Board. Kuchokera pa mita kulowa pa poloti ndi udindo wa mwini malo. Choncho alandilodi asamangolandira lendi ali phee. Aimbireni, atumizireni chithunzi cha bilu ndi cha mita, ndipo pulambala akabwera, iwo ndiwo alipire za paipi yowola ya pansi. Ikapezeka kuti ndi ball valve ya m'nyumba yaikulu, akambirane ndi okhala m'nyumbamo, inu zisakukhudzeni. Pulambala aliyense amene angakunong'onezeni kuti angathe kulambalala mita kuti bilu itsike, m'bwezeni pa geti pomwepo. Kumeneko ndi kuba madzi, ndipo akakugwirani chindapusa chake chimaposa bilu yomwe mukuithawayo.

Ngakhale kutayikako kutakonzedwa, kagawidwe kanu sikolungama. Banja lomwe lili ndi shawa ndi chimbudzi cha madzi silingalipire chimodzimodzi ndi munthu wosenza chidebe. Kugejemula kamodzi pa mathanki akale kumatenga malita pafupifupi 9, werengerani nokha ngati m'nyumbamo muli anthu 6. Komanso mtengo wa yuniti umakwera mayuniti akamachuluka pamwezi, ndiye mabanja anayi pa mita imodzi mumalowa msanga m'gawo lodula. Njira yomwe imathetsa mkangano ndi kuika mita yaing'ono pa paipi yolowa m'nyumba yaikulu. Imagulitsidwa m'mashopu a hadiweya, ndipo popeza ili mkati mwa poloti, pulambala wamba amaika. Mwezi ukatha, mayuniti a pa mita yaing'ono amalipira iwo, otsalawo mugawane mabanja atatu potengera kuchuluka kwa anthu m'banja. Amene amachapira anthu ena zovala kapena kuphika zogulitsa awonjezereko pang'ono. Mulembe mgwirizanowu papepala, aliyense asaine, ndipo wolipira bilu azitumiza lisiti kapena uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba pa gulu la WhatsApp la pa polotipo tsiku lomwelo.

Za loko, bambowo alakwitsa. Mpope uja si wawo, nawonso akuchita lendi ngati inu, ndipo kumana madzi banja la ana n'kuwaika pa chiopsezo cha matenda otsegula m'mimba. Loko ndi wabwino potchinga anthu odutsa obwera kudzatunga usiku, koma banja lililonse likhale ndi kiyi wake. Musapite nokha kukakangana nawo pakhonde. Alandilodi akachedwa, kaonaneni ndi a mfumu kapena block leader wa dera lanu, muwapemphe abwere pa tsiku loyesa mita lija kuti aone ndi maso. Pakadali pano lipirani ndalama yomwe mumalipira masiku onse, musunge umboni wake, muwauze anzanuwo kuti yotsalayo mukambirana mita ikayesedwa. Loko akapanda kuchotsedwa lero, tungani kaye pa kiyosiki, muzilemba zomwe mwagula kuti mudzazitchule pa zokambiranazo.